Masamba Pamsewu wa M'chipululu

Asisitere Nuala, amene ndinkawayendetsa pa galimoto m'chipululu cha kumpoto kwa Kenya, amwalira Lachiwiri m'mawa kunyumba yosamalirako okalamba ku Blanchardstown. Maliro aikidwa Loweruka. Tadala, unandifunsa pa foni chifukwa chimene ndikudulira nthambi za mpanda wa kuseri kwa nyumba kunja kukugwa mvula, ine n'kukuyankha mwachidule kuti ndi ntchito. Yankho lathunthu ndi ili. Ndalembera iwe ndi mlongo wako Yamikani, kuti mudzawerengerenso adzukulu anga, amene Chichewa amamva koma kuyankha amayankha m'Chingerezi.

Blantyre, m'zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba sinali ya udalaivala. Ndinalembedwa pa nyuzipepala ina ku Blantyre kuti ndizisaka zolakwika nkhani zisanasindikizidwe, kenaka anandikweza kukhala mtolankhani wa za kukhoti ndi ngozi za pamsewu. Mkonzi wathu anali a Gondwe, bambo wamfupi, wa dazi, pensulo yofiira ili kukhutu tsiku lonse. Ndikabweretsa nkhani yoyamba ndi mitambo ndi kuimba kwa mbalame, ankaikhwatcha kuyambira pamwamba mpaka pakati. "Iwe Fabiano, wamwalira ndani? Wamwalirira kuti? Yamba ndi zimenezo. Mitamboyo ukawauze azakhali ako." Mwaona nokha mmene ndayambira pamwambapa. A Gondwe anapita kalekale, koma pensulo yawo ndikuimvabe.

Kuyendetsa galimoto ndinaphunzira pa vani yogawira nyuzipepala, chifukwa dalaivala wake ankadwaladwala ndipo ine ndinali wachangu. Laisensi ndinaitenga ngati chinthu chongosungira. Koma zinali zaka zimene cholembera chinkatha kum'gonetsa munthu kundende. Mnzanga wa pa tebulo loyandikana nalo anatengedwa masana, jekete lake n'kutsala pa mpando, ndipo palibe amene analimba mtima kulichotsa. Sabata yomweyo a Gondwe anandiitanira panja, kuseri kwa makina osindikizira. "Uli ndi mkazi ndi khanda," anatero. "Uli ndi laisensi. Chiwongolero sichimangitsa munthu. Pita." Khanda limenelo unali iweyo, Tadala.

Kuchigwa cha Shire, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Ndinapeza ntchito yoyendetsa ambulansi pachipatala cha mishoni kuchigwa cha Shire, nthawi imene othawa nkhondo a ku Mozambique anali atadzaza m'midzi ya m'malire. Bwana wanga anali namwino wa ku Ireland, Asisitere Nuala: wamtali, nkhope yofiira ndi dzuwa, nsapato za tenesi, Chichewa chakuthwa chosakaniza ndi Chisena. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kutayi mpaka kunsapato zopolisha. "Ndamva kuti ndinu a mtolankhani. Pano nkhani sitilemba, timanyamula. Tayala lakumbuyolo laphwa, tiyeni tione." Ndinalisintha tayi ili m'khosi. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa pakamwa pawo linali A Mtolankhani, ndipo silinasinthe mpaka Lamulungu lapitali.

Apa ndifotokoze mwambo umodzi, chifukwa adzukulu anga akulira kuno ndipo mwina sanauone. Kwathu pakagwa maliro, anthu amathyola nthambi zaziwisi n'kuziyala pamsewu malo awiri, kumtunda ndi kumunsi kwa nyumba ya siwa. Timangoti masamba. Wa galimoto akawaona amachepetsa liwiro n'kuzimitsa wayilesi, wa njinga amatsika n'kumakankha, wa chipewa amavula. Palibe wapolisi amene amaima pamenepo, ndipo palibe buku la malamulo a pamsewu limene ndinawerengamo zimenezi. Phazi limangochoka lokha pa moto. Asisitere ankaudziwa mwambowu, koma tikakhala ndi wodwala kumbuyo mtima unkawathamanga. "A Mtolankhani, womwalirayo sakuthamangira kulikonse. Wathuyu ndiye ali pa changu." Ine ndinkati, "Sindiima, Asisitere, ndingochepetsa." Iwo ankapukusa mutu, koma ndinkawaona akuchita chizindikiro cha mtanda tikamadutsa.

Kumpoto kwa Kenya, kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990

Akuluakulu a chipani chawo cha asisitere atawasamutsira ku Kenya, Asisitere anapempha kuti apite ndi dalaivala wawo. Mayi anu anavomera movutikira. Anatsala ku Nsanje ndi inu awiri, ine ndinkabwera pa tchuthi basi, ndipo Yamikani anayamba kuyenda ine kulibe. Zimenezo ndizilembe poyera, chifukwa ntchito imene ndimanyadirayi mayi anu analipirako gawo lalikulu.

Mishoni yathu inali m'dziko la Aturkana, kumadzulo kwa nyanja yawo. Ndi dziko la mchenga, miyala yakuda ndi mitengo ya minga, ndipo anthu ake amasamuka kutsatira msipu wa mbuzi ndi ngamila. Chipatala cha njerwa sichingawatsatire. Choncho chipatala chinayenera kukhala pa matayala. Galimoto imene tinapatsidwa inali mphatso ya parishi ina ya kuno ku Ireland: galimoto yokhala ndi kanyumba kumbuyo, imene kuno amati kampa. Banja lina linkapita nayo kunyanja pa holide. Inabwera pa sitima ya pamadzi ili ndi makatani a maluwa, mabedi awiri, mbaula ya gasi, sinki, kafiriji ndi thanki ya madzi pansi. Matayala okoka anali akumbuyo okha. Makanika wa pa mishoni ataiona anaseka mpaka kukhala pansi. Ine ndinaitcha Nkhono, popeza inkayenda itasenza nyumba yake.

Tinali atatu m'galimotomo: Asisitere, ine, ndi Mayi Akai, Mturkana wothandiza namwino, amenenso ankatimasulira chinenero. Ndi Mayi Akai tinkalankhulana m'Chiswahili chimene ndinatola mwachangu. Ndi Asisitere tinkalankhula Chichewa, ndipo m'chipululu chonsecho chinali chinenero cha anthu awiri.

Msewu wa kumeneko uli mitundu itatu, ndipo uliwonse uli ndi lamulo lake. Woyamba ndi wa malata, umene umakumbika mizeremizere yopingasa ngati denga. Ukayenda pang'onopang'ono, mano amagundana, makabati amatseguka, mbale zimatsika zokha. Mankhwala ake ndi kuthamanga. Singano yoonetsa liwiro ikafika cha m'ma 70, matayala amangopsopsona nsonga za malatawo ndipo galimoto imakhala bata. Koma pa liwiro limenelo chiwongolero chimapepuka ngati uli pa matope, ndipo buleki sagwira msanga. Wachiwiri ndi wa miyala yakuda yakuthwa, imene imang'amba tayala m'mbali. Pamenepo umapopa mpweya wokwanira n'kumayenda ngati wanyamula mazira. Wachitatu ndi mchenga wa m'makwawa, mitsinje youma imene imadula msewu. Pofika pa khwawa umaphwetsako matayala ngati nthawi ilipo, umalowa ndi liwiro, giya yachiwiri, ndipo suponda buleki kapena kusintha giya mpaka utakwera tsidya linalo. Woima pakati pa khwawa amagona pomwepo ndi fosholo. M'chaka choyamba ndinakumba kwambiri moti manja a mtolankhani anasanduka a mlimi. Pofika chaka chachiwiri ndinkadziwa mchenga wolimba ndi wofewa poona mtundu wake.

Kampa sinapangidwire dziko limenelo, ndipo inkatikumbutsa tsiku ndi tsiku. Zitseko za makabati tinazimanga ndi malegeni. Fumbi linkalowa paliponse, losalala ngati ufa woyera, mpaka m'chitini cha shuga chotseka. Madzulo alionse ndinkalowa pansi ndi sipanala kumanga mabawuti amene malata amasula masana. Firiji ndiyo inali mfumu ya ulendo, chifukwa inkasunga katemera wa ana. Firiji ya gasi sizizira ikapendekeka, choncho tikaima ndinkaika mbale ya madzi pansi pa kanyumbako, n'kumasuntha galimoto ndi kuika miyala kunsi kwa matayala mpaka madziwo atafanana mbali zonse. Asisitere ankaima manja ali m'chiuno. "A Mtolankhani, kodi mukuimika galimoto kapena mukuombeza maula?" Koma pa nthawi yonse imene ndinagwira ntchito kumeneko, katemera sanawonongekepo m'manja mwanga. Amayi awiriwo ankagona m'kati, ine padenga, kuthawa zinkhanira.

Kusowa kwa zinthu kunali kwa masiku onse. Mafuta ankabwera pa lole, ndipo loleyo ikachedwa tinkayendera amene atsala m'zigubu. Machubu anali ndi zigamba pamwamba pa zigamba. Thanki ya mafuta itabooka ndi mwala ndinaimata ndi sopo wa mtanda, ndipo inatifikitsa. Sipuling'i itathyoka ndinaimanga ndi chikopa chachiwisi cha ngamila, chimene chikauma chimagwira kuposa waya. Pa madzi tinali ndi ndondomeko yosasintha: woyamba kumwa ndi wodwala, wachiwiri ndi rediyeta, achitatu ndife.

Mkulu wa mishoni anali wansembe, Bambo Declan, munthu wolimba, wosakonda zokambirana. Lole ina itaumbudzidwa ndi achifwamba amene anatchinga msewu, iwo anatiitana madalaivala tonse. "Mukaona chilichonse chopingasa pamsewu, miyala, nthambi, ngakhale munthu wogona, musaime. Pondani moto. Woima ndim'chotsa ntchito, ngati abwere wamoyo." Ine ndinakweza dzanja. Ndinati kwathu nthambi pamsewu ndi maliro. "Kuno si kwanu, Fabiano," anatero. Ndipo sananame. Lamulo limenelo silinali lopusa. Ndinalivomera, ndipo ndinkalitsata.

Chaka chachitatu m'chipululu, nyengo ya mvula za m'mapiri

Tinali kutali kwambiri, pa chitsime china chakumalire kumene mabanja ambiri anasonkhana ndi ziweto zawo, pamene Asisitere anadwala malungo. Anabisa, monga amachitira anamwino. Anamwa mapiritsi n'kupitiriza kubaya ana katemera. M'mawa wina analephera kudzuka. Thupi linali moto, maso achikasu, ndipo anayamba kulankhula ndi mayi awo amene anamwalira kalekale. Mayi Akai anawaika diripi n'kuipachika pa ndodo ya katani. Kenaka anandikokera panja. "Malungo akwera kumutu. Mankhwala amene tili nawo sakugwira. Akapanda kufika kuchipatala chachikulu lero, mawa tinyamula mtembo." Wayilesi yathu yolankhulirana inali itafa sabata imeneyo. Panalibe woti n'kumuitana. Panali Nkhono ndi ine.

Ndinamanga Asisitere pa bedi ndi nsalu kuti asagwe, Mayi Akai anakhala pansi pambali pawo atagwira botolo la diripi, ndipo tinanyamuka. Kumwamba kunali kwa mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. Kumadzulo kokha, kutali pamwamba pa mapiri a kumalire a Uganda, kunali kwakuda bii, koma sindinasamale. Mvula ya kumeneko inali ya eni ake. Ndinaiyendetsa galimotoyo monga sindinaiyendetserepo. Pa malata singano sinatsike. Makwawa ang'onoang'ono ndinkangowadumpha. Kumbuyo mbale zinkalira, koma malegeni anagwira.

Dzuwa lili pamutu tinayandikira khwawa lalikulu kuposa onse pa njirayo. Ndinkalidziwa bwino. Msewu umakwera kachitunda, ndipo ukafika pamwamba umatsetsereka mwadzidzidzi kulowa mumchenga wautali. Khwawalo suliona mpaka utafika pamwambapo, ndipo kuti ulioloke uyenera kukwera chitundacho ndi liwiro lonse. Ndinaponda moto. Pamenepo ndinaona nthambi pamsewu, m'munsi mwa chitunda, ndi mzere wina kutsogolo pang'ono. Pambali, pansi pa mtengo wa minga, panaima munthu wamtali atafunda nsalu yofiira, mfuti ili paphewa.

Mayi Akai anaziona kudzera pa zenera lapakati. "Pita! Pita, Fabiano, usaime!" Asisitere, amene m'mawa wonse sanalankhule chanzeru, anatsegula maso. "A Mtolankhani, lamulo," anatero m'Chichewa. "Musaime."

Ndikufuna mumvetse chimene chinali pa sikelo. Ndikaima, n'kukhala kuti ndi achifwamba, atilanda galimoto, ndipo Asisitere afera pansi pa mtengo, mwina ndi ife tomwe. Ndikapanda kuima, ndatsata lamulo la Bambo Declan, la Mayi Akai ndi la wodwala yemwe. Anthu atatu anali mbali imodzi. Koma maso a mtolankhani anali ataona kale zinthu ziwiri. Choyamba, nthambizo zinali zazing'ono. Sizikanaimitsa ngakhale njinga. Wofuna kukutchinga amaika chipika kapena miyala. Chachiwiri, zinali zaziwisi, zongothyoledwa kumene, zoyalidwa mwadongosolo. M'dziko limene tsamba lililonse ndi chakudya cha mbuzi, munthu sataya masamba aawisi pamsewu popanda chonena. Nthambi zimenezo sizinkatchinga. Zinkalankhula. Ndipo kunena zoona, pamene mutu unkawerengera zimenezi, phazi linali litachoka kale pa moto. Linaphunzira ku Nsanje.

Ndinaponda buleki pang'onopang'ono, chifukwa pa malata ukaponda mwamphamvu galimoto imatembenuka. Nkhono inasesereka, inadutsa mzere woyamba, inadutsa wachiwiri, n'kukaima pamwamba penipeni pa chitunda. Mayi Akai anali akulira ndi kupemphera m'chinenero chawo. Ine ndinayang'ana kutsogolo, ndipo msewu kunalibe. Mvula ya kumapiri ija inali itatsika ndi khwawa. Madzi ofiira, aukali, anali atadzaza gombe mpaka gombe, atanyamula mitengo yathunthu ndi ngamila yakufa miyendo ili m'mwamba. Potsetserekera paja madzi anali atadya, n'kusiya phompho lalitali kuposa denga la kampa. Munthu ataima pa bampala akanatha kulavula, malovuwo n'kugwera m'madzi. Chifukwa cha phokoso la injini ndi mbale, mkokomo wa madziwo sitinaumve.

Munthu wa mfuti uja anabwera osafulumira. Anali bambo wachikulire, woweta ngamila. Kumeneko mbusa aliyense amayenda ndi mfuti. Ndinatsika, ndinagwira dzanja lake ndi manja awiri, ndipo ndinapempha Mayi Akai kuti amuthokoze chifukwa chotipulumutsa. Bamboyo anayankha mwachidule, Mayi Akai n'kuseka misozi ili m'masaya. "Akuti sanaikire inu. Akuti amadikira lole ya chimanga, ndipo safuna chimanga chipite ndi madzi."

Koma Asisitere anali adakali tsidya lolakwika la mtsinje. Ndinafunsa ngati pali pena poolokera. Bamboyo anasuzumira m'galimoto, anaona diripi, n'kuloza kumtunda ndi ndodo. Anati kuli malo amene khwawa limatambasuka pa thanthwe, pamene ngamila zimaolokera, ndipo madzi a mtundu uwu sachedwa kuphwa. Anakwera kutsogolo, mfuti pakati pa miyendo, ndipo tinayenda m'tchire mopanda msewu, minga ikukanda penti mbali zonse. Titafika madzi anali akadali ambiri. Ndinazika kamtengo m'mphepete kuti ndizionera mmene akutsikira. Podikira, tinaphwanya ndondomeko ya madzi: tinatsegula thanki yonse, kunyowetsa nsalu ndi makatani a maluwa aja, kumawafunditsa Asisitere kuti thupi lizizire. Thanki ikapepuka, galimotonso imapepuka. Ndinatsitsa mabotolo a gasi, bedi lachiwiri, matebulo ndi mipando yopinda, n'kuziunjika pansi pa mtengo. Firiji yokha ndinaisiya.

Dzuwa litapendeka, kamtengo kaja kanatsala pouma. Ine ndi bambo uja tinalowa m'madzi wapansi, iye ndi ndodo kutsogolo, kufufuza pamene thanthwe lili ndi pamene latha. Madzi anafika m'ntchafu ndipo ankakoka. Tinaika miyala tsidya linalo kuti ndiziloza. Ndinavula lamba wa fani kuti isamwaze madzi pa injini, ndinakutira mawaya ndi pulasitiki ya magolovesi, ndinachita chizindikiro cha mtanda, n'kulowa ndi giya yoyamba. Lamulo la madzi limasiyana ndi la mchenga pa liwiro pokha: usathamange, koma usaime. Madzi analowa pansi pa zitseko n'kundinyowetsa akakolo. Pakatikati, kanyumba kakumbuyo kanayamba kuyandama, ndipo ndinamva matayala akutaya thanthwe, galimoto ikutembenukira kumunsi. Ndinakhotetsera chiwongolero kumtunda, phazi osasuntha. Matayala anagwiranso. Nkhono inatsokomola, inakwera gombe, madzi akutuluka m'zitseko ngati m'dengu.

Bambo uja anakana kupitirira. Ngamila zake zinali tsidya lija. Ndinam'patsa shuga yense ndi masamba a tiyi amene tinali nawo, ndipo analoza katundu amene tinasiya uja, kusonyeza kuti amuyang'anira. Titabwerera patapita milungu, tinapeza zonse zili pomwepo, mpaka supuni. Dzina lake sindinalifunse, ndipo a Gondwe akanandikhwatcha chifukwa cha zimenezo.

Ndinabwezera lamba wa fani, ndipo tinafika kuchipatala chachikulu dzuwa lisanalowe. Adokotala anawalandira Asisitere pa machira. Anakhala masiku angapo osazindikira munthu, koma anachira.

Bambo Declan anandiitana muofesi. Mayi Akai anali atawafotokozera kale zonse. "Unaima," anatero. Ndinavomera. "Ukudziwa lamulo." Ndinavomeranso. Anazunguza makiyi a Nkhono pa chala. "Lamulo silisintha, Fabiano. Mawa nthambi zomwezo adzaika ndi achifwamba." Ndinati ndikudziwa, Bambo, ndipo ndikadzaona chipika sindidzaima. "Nanga ukadzaona masamba?" Ndinati ndidzayang'ana kaye. Anandiponyera makiyi. "Tuluka. Galimotoyo ikununkha matope, kaitsuke."

Nditapita kukawaona Asisitere m'wodi, anali ataonda ngati bango, koma lilime linali lomwe lija. "Ndamva kuti simunandimvere, A Mtolankhani." Ndinati munali kudwala, Asisitere, mawu a wodwala salembedwa m'nyuzipepala. Anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anagwira dzanja langa. "Kwathu ku Ireland maliro amadutsa, magalimoto ali pa liwiro. Ine ndikadzafa, mudzandiyalire masamba pamsewu. Mwamva?" Ndinati ndamva. Ndinkaganiza kuti ndi nthabwala za munthu wochira, chifukwa Ireland ndinkangomuona pa mapu.

Nkhono tinayenda nayo zaka zina zingapo, mpaka chitsulo chake chapansi chinathyoka pakati. Ana amene analandira katemera wa m'kafiriji kaja lero ndi makolo. Galimotoyo inathera kuseri kwa mishoni, nkhuku zikuikira mazira mu sinki.

Dublin, kuyambira m'zaka za m'ma 2000 mpaka lero

Zotsalazi mukuzidziwa. Asisitere atabwerera kwawo chifukwa cha ukalamba, chipani chawo chinafuna dalaivala woyendetsa asisitere okalamba kuchipatala ndi kutchalitchi, ndipo iwo anatchula dzina langa. Ndinabwera ndekha, inu ndi mayi anu n'kunditsatira. Pambuyo pake ndinayendetsa minibasi yonyamula okalamba ku Tallaght mpaka pamene ndinapuma. M'zaka zonsezo sindinagundepo ngakhale chitini cha zinyalala. Anzanga ankadandaula za mzere wa magalimoto pa msewu waukulu wa M50, ine n'kumangomwetulira: msewu wosalala, madzi ali m'botolo, ndipo palibe chokumba. Kuno ku Lucan aneba athu ali ndi kampa yoyera mbee imene amaitsuka Loweruka lililonse. Tsiku lina mwini wake anandionetsa m'kati monyadira, ndipo ndinam'funsa kuti makabati amamanga ndi chiyani. Sanandimvetse.

Lamulungu lililonse tikatuluka Misa ndinkapita ku Blanchardstown. M'zaka zomalizazi Asisitere anayamba kuiwala. Ankaiwala mayina a anamwino, ankaiwala kuti adya. Koma ndikalowa, Chichewa chinkabwerera chonse, ndipo mtsikana wina wa ku Zomba amene amagwira ntchito kumeneko ankaima pakhomo kumvetsera, dzanja lili pakamwa. Lamulungu lapitali anali ofooka kwambiri. Ndinaganiza kuti agona, ndipo ndinanyamuka mwakachetechete. Anatsegula diso limodzi. "A Mtolankhani. Masamba." Ndinati sindinaiwale, Asisitere.

Yamikani wandichenjeza kuti kuyala nthambi pamsewu wa boma kuno ndi mlandu, ndipo akhonsolo sangamve za mwambo. Wanena zoona. Choncho dzulo ndinapita kwa mkulu wa nyumba ya asisitere, ndinam'fotokozera nkhani yonseyi, ndipo wavomera kuti ndiyale pa kamsewu ka m'kati mwa mpanda wawo, kochokera kutchalitchi kupita kumanda. Nthambi ndadula kale, zili m'ndowa ya madzi m'galaja kuti zisafote. Amalawi a kwaya yathu abwera, ndipo iwo sasowa kuuzidwa chochita. Woyendetsa galimoto ya maliro ndalankhula naye pa foni, dalaivala kwa dalaivala mnzake. Anandifunsa kuti achepetse liwiro mpaka pati. Ndinamuuza kuti mpaka la munthu woyenda pansi atavula chipewa.

Loweruka ndidzafika m'mawa, anthu asanabwere, ndi kuyala mizere iwiri, umodzi potulukira kutchalitchi, wina pachipata cha manda. Tadala, ubwere ndi ana. Ndikufuna adzaone galimoto ikuchepetsa liwiro.